Nkhunzi ya a Gerevazio

Njala ya mu 1949 itatha, m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chongoni mudatsala nkhalamba zopanda wozitungira madzi. Ana awo ena adafa, ena adapita ku Halale ndi ku Joni n'kutayikira komweko. A mishoni adamanga nyumba yaitali ya njerwa kuseri kwa tchalitchi, chipinda china cha amuna, china cha akazi, khonde lake loyang'ana kotulukira dzuwa. Anthu ankangoti kwa agogo. Woyang'anira nyumbayo adali Veronika, mayi wamasiye wa manja olimba ndi pakamwa posachedwa kuyankha. Ankaphika, kuchapa, kumeta, ndi kuweruza milandu ya fodya wosowa, zonsezo yekha, ndipo ntchitoyo ankaikonda ngakhale sakadavomera mutamufunsa.

Chakudya chidalipo, mabulangeti adalipo. Chovuta chidali kutalika kwa tsiku. Akamwa phala, agogowo ankandanda pakhonde kuwothera dzuwa n'kumakangana za amene watsokomola kwambiri. Mmodzi yekha ndiye adalibe nthawi ya zimenezo, a Gerevazio, Mngoni wamtali wa makutu obowola, mmisiri wosema. Iwo kukacha ankakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi kasemasema wawo, n'kumatulutsa mithiko, zipande ndi mipini. Theka la makhitchini a kuchokera pamishonipo mpaka ku Mayani linkavundula ndi mithiko yawo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Koma manja adayamba kunjenjemera. Tsiku lina kasemasema adaphonya mtengo n'kutera pamsongolo. Magazi adachita kuthamanga. Sisitere Monika, amene ankapereka mankhwala pamishonipo, adasoka balalo n'kuuza Veronika kuti chitsulocho chisaonekenso m'manja mwa mkuluyo. Veronika adachibisa. A Gerevazio adafunsa kamodzi kokha.

“Mayi, kasemasema wanga ali kuti?”

“Agogo, a Sisitere aletsa. Ulendo wina mudzadula mwendo wonse.”

“Chabwino, mayi.”

Sadakangane, ndipo n'chimene chidamuopsa Veronika, chifukwa a Gerevazio adali munthu wokangana ngakhale ndi nkhuku. Adakagona pamphasa pawo, nkhope kukhoma. Bala lidapola bwinobwino, koma mwini bala sadadzuke. Phala ankangolinyambita, ndiwo osaziyang'ana n'komwe. Veronika adaziona zoterezi nthawi ya njala: nkhalamba ikatembenukira kukhoma, imapita pang'onopang'ono popanda matenda oti n'kuwatchula. Chisanu cha Juni chidali pafupi, ndipo iye ankaopa kuti chikawapeza ali chigonere, mkuluyo sadzafika nthawi yolima.

“Apezereni chochita ndi manja,” adatero Sisitere Monika. “Onse, osati iwo okha. Chinthu chopepuka, chopanda mpeni.”

Kunena n'kosavuta. Sisitere adabweretsa mapepala oyera ndi mapensulo amitundumitundu ochokera kusukulu, kuti agogo azijambula maluwa. Agogo adalandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Pofika madzulo mapepala adali atatha, koma duwa silidaoneke ngakhale limodzi. A Yeremiya, kamkulu kakafupi ka mano awiri kamene kadagwirako ntchito m'mafamu a ku Halale, adali atawang'amba bwinobwino n'kupichira fodya wa chipinda chonse cha amuna. Adati pepala lake ndi labwino, siliwawa pakhosi, ndipo ngati a Sisitere ali ndi ena asachite manyazi.

Veronika adayesa mikanda. Maso a agogo sadaone bowo, mikanda idamwazika pakhonde, ndipo amene adapindula ndi nkhuku. Adayesa ulusi ndi zingano zolukira. Amayi awiri adaluka kanthu kosadziwika mutu wake, amuna adakwiya kuti akuyesedwa atsikana a kwa Sisitere. Mphasa ndi malichero zikadakoma, koma bango ndi nsungwi zimafuna mpeni. Chilichonse chatsopano Veronika ankayamba wapita nacho pamphasa ya a Gerevazio, n'kugwada.

“Agogo, taonani ichi.”

“Ikani pamenepo, mayi,” ankatero osatembenuka.

Amene adamuwombola ndi a Jesinta, gogo wa msana wopindika ndi lilime lowongoka, amene kale ankaumba mbiya.

“Mwananga, watiyesa zambiri ngati sing'anga wosadziwa matenda,” adatero. “Bwanji osangotifunsa? Katitapire dongo. Dongo silicheka munthu, silifuna maso, ndipo a Yeremiya sangalisute.”

Veronika adasenza dengu, ulendo kumtapo wa kudambo la kunjira ya ku Mayani. Dongo litafika, khonde lidasintha. Amayi adakhala tambalale, n'kumakanya, n'kumaimba nyimbo zimene Veronika adali asadazimvepo, zina zoti a Sisitere asazimve. Timiphika ndi tinkhali tidayamba kundanda m'mbali mwa khoma, tina topendekeka, koma eni ake ankatiyang'ana ngati zidzukulu. Amuna okha ndiwo adakhala patali atapinda manja. Kuumba mbiya ndi kwa akazi, ndipo mwamuna wa ndevu zake sagwira dongo la mphika ngakhale atasowa chochita chotani.

A Jesinta ndi a Gerevazio ankatchulana asuweni, ngakhale padalibe wodziwa pamene ubalewo udakumanira. Chisuwenicho chinkawapatsa ufulu wonyozana mmene angafunire. Tsiku lina a Jesinta adaumba kanthu ka miyendo inayi, n'kukwawa nako mpaka pakhomo la chipinda cha amuna.

“Asuweni! Mudakafundabe? Pakadafunda padajiwitsa galu. Tadzukani, ndakubweretserani ng'ombe. Paja mumati kwa bambo anu kudali khola lodzadza.”

Mwina lidali liwu loti ng'ombe, mwina kudali kutopa ndi khoma. A Gerevazio adatembenuka, n'kuyang'ana chinthucho nthawi yaitali. Chidali ndi mimba ya nkhumba, miyendo yaitali yowonda, ndi nyanga zogwa ngati makutu a bulu.

“Chimenecho n'chiyani?”

“Ng'ombe.”

“Ng'ombe ya kwa yani? Linunda lili kuti? Khosi limenelo lingakoke chiyani? Inu asuweni, ng'ombe mudaidziwira mumphika basi.”

“Nanga poti eni ake odziwa agona.”

“Bweretsani dongolo kuno, musandichititse manyazi pakhomo.”

Veronika, amene ankamvetsera ali kukhitchini, adathamanga nalo dongolo mkuluyo asadasinthe maganizo. Apa m'pamene adaphunzira chinthu chimene sadachiganizepo. Dongo la mphika ndi la akazi, inde, koma ng'ombe yadongo ndi ya anyamata a kubusa, ndipo mwamuna aliyense m'chipindamo adakulira kudambo, kumbuyo kwa ng'ombe za bambo ake kapena za amalume ake. A Gerevazio adatsamira khoma, n'kuyamba kukanya. Manja ankanjenjemera monga mwa masiku onse, koma ng'ombe ya kubusa sifuna zosalala. Adafinya linunda lalikulu, khosi lonenepa, miyendo yaifupi yojintcha, nyanga zokhotera kutsogolo. Pamene chala chinkanjenjemera padatsala timizere, ndipo timizereto tidakhala ngati makwinya a pakhosi pa nkhunzi yeniyeni.

A Yeremiya adasendera pafupi, fodya ali pakamwa.

“Achimwene, yakongola. Koma ingalimbe pa ndewu?”

“Pomenyana ndi ya yani?”

“Ndi yanga. Ine kudambo la kwathu adaleka kundiitana, poti ndinkawathera makola.”

“Umbani tione. Iyi ndi Mabingu.”

“Yanga ndi Sitima. Sitima siimira munthu.”

Adapangana kuti nkhunzi ziwirizo ziume kaye pamthunzi, zikauma zidzakumane pakhonde anthu onse akuona. Madzulo a tsiku limenelo a Gerevazio adadya pang'ono. M'mawa mwake adatuluka ndi ndodo kukaona ngati Mabingu wachita ming'alu, n'kukhala padzuwa kwa nthawi yoyamba chivulalire. Veronika adasangalala mpaka adapsereza nyemba.

Koma chimwemwecho chidabwera ndi mantha ake. Iye adakula akutunga madzi ndi kusinja, kubusa sadapiteko, ndipo za kukumana kwa nkhunzi ankaziyesa nkhambakamwa za madoda. Chimene ankaona n'chakuti moyo wa mkuluyo wakangamira pa kanthu kadongo losapsa, koti mphaka atakagunda kangasweke. Nanga kakasweka? Abwereranso kukhoma? Tsiku limene amayi ankawotcha timiphika tawo kuseri kwa nyumba, atawunjika makungwa ndi zitsononkho, Veronika adaona a Gerevazio akuwodzera padzuwa. Adanyamula Mabingu mwakachetechete n'kumulowetsa pakati pa miphika.

Mabingu adatuluka wofiira, wolimba, wolira ngwee ukamugogoda ndi chala. Ngakhale nyanga imodzi sidathetheke. Veronika adamupukuta phulusa, adamuika m'mbale yoyera, n'kupita naye pakhonde akumwetulira ngati wanyamula mphatso ya ukwati.

“Agogo, taonani. Tsopano sadzaswekanso.”

A Yeremiya adachotsa fodya pakamwa.

“Aaa! Yowotcha? Achimwene, mpaka pamenepo?”

A Gerevazio adaimirira osagwira ndodo. Nkhope idachita kuda.

“Wawotcha nkhunzi yanga ndani?”

“Ndine, agogo. Ndimati isasweke.”

“Isasweke! Kodi nkhunzi ndi mtsuko? Mayi, kudambo mnyamata wobwera ndi ng'ombe yowotcha tinkamukwapula ndi nthyole, ng'ombe yakeyo n'kuiponya padziwe. Dzina loti wakuba ankakwatira nalo. Ine ndakalamba chonchi sindidabepo pa ndewu ya ng'ombe, lero mwandiveka umbava pamaso pa Yeremiya? Mudanditengera kasemasema, ndidakhala chete. Tsopano mwandiphera nkhunzi.”

Adalowa m'chipinda, ndipo chakudya cha masana chidabwerera chosakhudzidwa. Veronika adakakhala kuseri kwa khitchini n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina. Chifundo chidapha nkhwali, ndipo iye adaona kuti wamupha mkuluyo kawiri, ulendo woyamba pomvera a Sisitere, wachiwiri pomvera mtima wake. A Jesinta adamupeza komweko.

“Pukuta m'maso, mwananga. Amene uja wakwiya. Wokwiya safa lero, amadikira kaye kuti abweze.”

Gogoyo adalasa. Kutacha, mawu adamveka kuchokera m'chipinda cha amuna, ouma ngati chikumba.

“Dongo latsala?”

A Gerevazio adaumba nkhunzi ina, ya khosi lonenepa kuposa yoyamba. Iyi sadaiike pakhonde. Adaiumika kumutu kwa mphasa yawo, ndipo Veronika akalowa kudzasesa ankaiphimba ndi chipewa. Sankamuyankhula, kupatula “ikani pamenepo” uja. Kudya ankadya mongolawa, kuti angopeza mphamvu zokhalira tsonga. Nthiti zinkawerengeka, ndipo m'mawa nkhungu idayamba kutsika m'phiri mpaka pakhonde. Mabingu wowotcha uja adakathera pawindo la kukhitchini, kumene ankangoyang'ana anthu ngati mlendo wosaitanidwa.

Veronika sadaleke kuopa. Adamuona Sitima wa a Yeremiya: chinthu chonyansa, chopanda khosi, mutu ngati chibakera. Chikadzaswa nkhunzi yachiwiriyi, chidzatsale n'chiyani? Adawapeza a Yeremiya ali okha kuseri akupichira fodya, n'kugwada pafupi.

“Agogo, ndikupempheni kanthu. Tsiku la nkhunzilo, musagunde kwambiri. Asiyeni apambane. Mukuona mmene athera.”

A Yeremiya adamuyang'ana ndi diso limodzi, lina atatsinzina chifukwa cha utsi.

“Mayi, mwawotcha imodzi, mukufuna kuwotchanso ina? Gerevazio adayamba kumenyetsa ng'ombe amayi anu asadabadwe. Ndikafewetsa dzanja adziwa pompo, ndipo pamenepo ndiye mukakumbe manda. Ine ndikagunda ngati ndikugunda mdani.”

Veronika adadzuka n'kubwerera kukhitchini.

Tsikulo lidafika dzuwa litathamangitsa nkhungu. Agogo onse adatuluka ndi mabulangeti awo. Sisitere Monika adabwera ndi botolo la mankhwala a chifuwa, adaona khamu, n'kuima kumapeto kwa khonde osafunsa. Akuluakulu awiri aja adakhala pansi moyang'anizana, aliyense nkhunzi yake m'dzanja, chala chachikulu kumbuyo kwa linunda. Sadayambe ndi kugunda. Adayamba ndi kuzipalasitsa fumbi, kuzizunguliza, ndi kulira m'malo mwake.

“Mbuuu!” adatero a Yeremiya, mano awiri ali pamtunda. “Patukani, Sitima ikudutsa!”

“Mbooo!” adayankha a Gerevazio ndi liwu la pansi pamimba, limene palibe adalimvapo m'nyumbamo. “Mwana wa Mabingu, wobadwa bambo ake atapsa! Wamwa madzi a m'phiri, saopa chitsulo cha azungu!”

Amayi adaseka mpaka kutsokomola. Kenaka mitu idakumana, kho! Fumbi lidagwa, nkhunzi zonse zili zamoyo. Adabwerera m'mbuyo, kho! Kansonga ka nyanga ya Sitima kadathethekera pamwendo pa a Jesinta, ndipo gogoyo adaimba nthungululu ngati kwabadwa mwana.

“Asuweni, mumutheretu! Ndikuphikirani mutu wake!”

A Gerevazio maso adali kuwala, thukuta lili pamphumi m'chisanu chonsecho. Veronika adaima pakhomo la khitchini atagwira pachifuwa, akupemphera pemphero limene sakadalinena mokweza pamaso pa a Sisitere, lopempha Mulungu kuti alowerere pa ndewu ya ng'ombe zadongo.

Adagundanso kangapo. Ndiye pa kugunda kwina, dzanja la a Gerevazio lidanjenjemera pa nthawi yolakwika. Nkhunzi yawo idafika chammbali, ndipo chimutu cha Sitima chidaipeza pakhosi. Mutu udagwera uko, mwendo uko, linunda lidatsala m'manja.

Nthungululu zidazima. Ngakhale a Yeremiya, amene adatsegula kale pakamwa kuti adzitame, adatseka. A Gerevazio adayang'ana chimene chidatsala m'dzanja lawo nthawi yaitali. Kenaka adayamba kutola zidutswa, chimodzichimodzi, mpaka nyenyeswa za nyanga, n'kuziunjika pamwendo.

“Mayi,” adaitana osadzutsa mutu. “Patseni madzi m'mbale.”

Veronika adakatenga mbale kukhitchini. Adadziwa chotsatira: asamba m'manja, anena kuti chabwino, akagona. Adabweretsa madziwo n'kugwada, misozi ili m'maso.

A Gerevazio sadasambe. Adathira zidutswa zonse m'mbalemo. Dongo louma lidamwa madzi, lidachita thovu pang'ono, n'kuyamba kusungunuka. Mkuluyo adalowetsa chala, adafinya linunda lija, ndipo lidafewa n'kugwirana ndi mutu. Adakweza mbaleyo kuti Veronika aone bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwotchereni Mabingu adamuyang'ana m'maso.

“Mwaona, mwana wanga? Yanu yofiira ija ikadasweka, bwenzi ili phale lokazingira chimanga. Iyi mawa idzuka.”

Adatembenukira kwa a Yeremiya n'kuwaloza ndi chala chamatope.

“Inu musapite patali. Ndaona pamene Sitima wanu afooka, ndi kumanzere.”

“Mudzaumba khumi, achimwene, ndidzaswa khumi.”

“Tidzaona.” Adapukuta chala pabulangeti, n'kununkhiza mphepo yochokera kukhitchini. “Kodi m'nyumba muno anthu adaleka kudya? Kachewereyo ndamumva kalekale. Mayi, ndiikireni wambiri, ndi nyemba zomwe. Munthu sangamenyetse nkhunzi ndi dzanja lanjala.”

Veronika adathamangira kukhitchini, adadzaza mbale mpaka pakamwa, ndipo pobwera nayo sadaione bwino njira chifukwa cha misozi. A Gerevazio adadya yonse, n'kufunsa ngati mumphika mwatsala.